Nsapato yothawira zombi: pa zimene zimapezeka mu Blantyre muno, tivale iti?

Funsoli linachokera kwa mwana wa mlongo wanga, mnyamata wa Fomu 2 amene timakhala naye ku Zingwangwa. Tsikulo anali ataonera filimu ya zombi, anthu akufa aja amene amadzuka n'kumathamangitsa amoyo kuti awalume. Tili pa mgonero anangoti, “Amalume, zitati zachitika kuno, inuyo mungavale nsapato yanji?” Mayi akunyumba anamudzudzula kuti pa nsima sitikamba za mitembo. Koma ine funsolo linandikhala mumtima, ndipo ndakhala nalo masabata angapo.

Zombi zoluma anthu n'zopeka za opanga mafilimu. Gwero la nkhaniyo ndi ku Haiti, kumene anthu ankakhulupirira kuti wamankhwala angadzutse wakufa kuti azimugwirira ntchito, zomwe sizikusiyana kwenikweni ndi ndondocha zimene agogo ankatisimbira. Koma kuthawa usiku, wapansi, mwana ali kumsana, magalimoto atayima, zimenezo si zopeka. Ife a mu Blantyre tinaziona mu Malichi 2023 pamene namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche, matope ndi miyala n'kutsikira ku Chilobwe. Amene ndinawaona atasonkhana pa sukulu m'masiku otsatirawo, ambiri anali osavala kanthu kuphazi. Ena anali ndi patapata imodzi. Mapazi anali ochekekachekeka ndi malata, mabotolo osweka ndi misomali ya milimo ya nyumba zakugwa. Akuluakulu ankakumbukira napolo wa ku Phalombe wa mu 1991. Chifukwa chake mnyamatayo ndinamuyankha ngati munthu wofunsa zenizeni, ndipo pano ndikulemba zimene ndinapeza.

Tiyambe ndi ulendowo, pakuti nsapato imasankhidwa poyang'ana njira. Mu nthano ya zombi muli zinthu zitatu zosasintha: zimaluma, zimatsata phokoso, ndipo zimabwera mwaunyinji pamene pali anthu ambiri. Ndiye kuti Ndirande, Mbayani, Bangwe ndi msika wa Limbe ndi malo oyamba kuchokako. Msewu wa Masauko Chipembere umene umadzaza ngakhale pa tsiku labwinobwino ungatsekeke ola loyamba lomwelo. Minibasi sizingayende, akabaza nawo angathawitse mabanja awo. Chotsala ndi mapazi. Kupita ku Zomba ndi makilomita pafupifupi 65, ndipo munthu wamphamvu woyenda makilomita 4 kapena 5 pa ola afunika maola oposa 13 osapuma. Muli ndi ana ndi katundu, amenewo ndi masiku awiri kapena atatu. Mukalowera ku Chikwawa, njira ndi yofupikirako koma muyenera kutsika chitunda chachitali cha ku Thabwa, ndipo kutsika n'kumene kumapweteka zala chifukwa phazi limakankhira kutsogolo pa sitepe iliyonse. Mukasankha kubisala ku Michiru kapena pamwamba pa phiri la Ndirande, mukumana ndi miyala, minga ndi njoka. Komanso mzinda uno ndi wa mitsinje: Mudi, Naperi, Nasolo, Likhubula, Lunzu. Simungatuluke osaponda m'madzi.

Patapata, masilipasi ndi gogoda ndingozitchula n'kudutsa. Patapata imaduka pakati pa zala ukangoyamba liwiro, imakanirira m'matope, ndipo dzina lake lomwelo ndi phokoso limene imachita. Sofiya wa pulasitiki amaphimbako zala ndipo saopa madzi, koma phazi likatuluka thukuta amaterera mkati, m'mbali mwake n'kudula khungu. Chomvetsa chisoni n'chakuti zimenezi n'zimene zimakhala pakhomo, ndiye n'zimene munthu amatola akadzidzimuka usiku.

Magambutsi ndi amene anthu ambiri ndinawafunsa anayamba kutchula, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake. Amafika pafupi ndi bondo, choncho amaphimba mbali yonse imene chinthu chokwawa pansi chingalume. Mano a munthu kuti aboole labala wokhuthala si zapafupi. Mphiri, njoka ija imene imangogona phee m'njira osathawa, imalumanso kuphazi ndi kumsongolo komweko. Pa madzi oipa palibe nsapato yoposa gambutsi. Zimbudzi zikasefukira, monga zimachitira m'makwalala athu nthawi ya dzinja, phazi la chilonda likaponda m'madzi amenewo limatukusira msanga. Tonse tikukumbukira kolera ya mu 2022 ndi 2023 imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo ogwira ntchito m'misasa ya odwala ankavala magambutsi chifukwa amatsukika ndi kolorini, chinthu chimene nsapato ya nsalu singapirire.

Koma yesani kuthamanga nawo kuchoka pa Kamba kukafika ku Ginnery Corner. Gambutsi alibe zingwe, ndiye sagwira phazi. Chidendene chimakwera ndi kutsika mkatimo, ndipo pakatha maola awiri mwatuluka matuza. Thukuta silituluka, kotero mu Okutobala phazi limakhala ngati laphikidwa, khungu n'kuyera, kufewa, kenako kusupuka. M'dothi la katondo la nthawi ya mvula matope amayamwa gambutsi, inu n'kutuluka ndi sokosi yokha. Choopsa koposa ndi mtsinje. Madzi akangopitirira kukamwa kwa gambutsi amadzaza mkati, mwendo uliwonse n'kukhala ngati wamangiriridwa ndowa, ndipo kuwoloka Mudi atadzaza uli choncho n'kuika moyo pachiswe. Amachitanso phokoso lake lija la pwafu pwafu limene limamveka patali usiku. Ndiye ine ndimaona kuti gambutsi ndi nsapato ya munthu amene wafika kale pamalo otetezeka ndipo akufuna kukatunga madzi, kulima kapena kuchotsa zonyansa. Si nsapato ya munthu amene akuthawa.

Ma safety boot, aja a chitsulo kutsogolo amene amavala a m'mafakitale a ku Makata ndi a zomangamanga, ali ndi ulemu wake. Chitsulocho, pa nsapato zopangidwa motsata muyezo wa ku Ulaya, chimapirira mphamvu yofanana ndi katundu wa makilogalamu 20 wogwa kuchokera pa mita imodzi. Ena ali ndi kachitsulo kena kopyapyala pansi koteteza ku msomali, ndipo kameneka n'kofunika kuposa ka kutsogolo, chifukwa bala la msomali, lakuya ndi lolowa dothi, n'limene limabweretsa kafumbata. Poyenda pa nyumba zakugwa kapena pofukula anthu okwiririka, nsapato imeneyi ndiyo yoyenera. Vuto lake ndi kulemera. Oyenda maulendo aatali amadziwa kuti kulemera kwa kuphazi kumatopetsa kuposa kulemera komweko kukakhala kumsana, pakuti phazi umalinyamula ndi kulitula kambirimbiri pa kilomita imodzi. Chitsulocho sichitambasuka, ndiye phazi likatupa masana zala zimakhula pachitsulo, makamaka potsika phiri. Ngati mumaivala kale tsiku ndi tsiku kuntchito ndipo phazi lanu linaizolowera, thawani nayo, musasinthe. Koma ngati simunaivalepo, musaiyambire pa tsiku la tsoka.

Matenesi, kapena masinika monga achinyamata amanenera, ndiwo anali yankho la mphwangayo. Akuti zombi zikamathamanga, wopulumuka ndi waliwiro. Sanalakwe kwenikweni. Tenesi ndi yopepuka, imayenda mwakachetechete, imagwira phazi ndi zingwe, ndipo ikanyowa imauma msanga kuposa chikopa. Pa phula ndi pa msewu wafumbi wosalala palibe yoiposa. Kukwera mpanda wa njerwa kapena kudumpha ngalande, tenesi ndiyo imalola phazi kupindika bwino.

Koma matenesi alipo mitundu iwiri, ndipo apa mpamene ambiri amanamizidwa ndi maso. Pali aja owala, a fashoni, a pansi posalala, amene amadzaza m'mashopu a ku Limbe. Ambiri mwa amenewa soli yake ndi yongomata ndi guluu, ndipo ikanyowa kawiri katatu imayasama kutsogolo. Pa mwala wonyowa wa ku Soche amaterera ngati sopo. Nsalu yake ya maukonde imalowetsa minga ndi mchenga, ndipo galu chabe angaiboole. Ndiye pali matenesi ena opangidwira kuthamanga m'tchire, a mano akuluakulu pansi, a labala wokutira zala kutsogolo. Amenewa amapezeka mwa apo ndi apo pa kaunjika, ndipo mukawapeza okukwanani musawasiye. Chofooka chawo ndi chimodzi: kakolo amakhala pamtunda, wosaphimbika ndi wosagwiridwa.

Ndikudziwa kuti wina aganiza za jombo za mpira, poti pafupifupi nyumba iliyonse ili ndi mnyamata wosewera. Pa udzu ndi m'matope zimagwiradi, koma pa phula zisonga zake zimagogoda, zimaterera, ndipo zimabaya phazi kuchokera pansi. Zisiyeni.

Nsapato imene ine ndasankha ndi jombo yopepuka yokwerera mapiri, ya zingwe, yofika pamwamba pang'ono pa kakolo. Ili pakati pa tenesi ndi safety boot, ndipo imatengako zabwino za mbali zonse. Soli yake ndi yokhuthala moti mwala wosongoka suumveka, mano ake amagwira pa katondo, ndipo chikopa chake chimaphimba kakolo, malo amene dzanja lochokera pansi lingagwire kapena mano angafike. Phazi la munthu lili ndi mafupa 26, ndipo kubinya kamodzi kokha pa chitunda cha Thabwa, uli ndi thumba la ufa pamutu, ulendo wathera pomwepo. Jombo yomangidwa bwino siletseratu kubinya, koma imagwira phazi kuti lisamasewere mkati, komanso imatsekereza timiyala ndi mchenga zimene zimayambitsa zilonda. Kuthamanga nayo umathamanga, ngakhale osafika liwiro la tenesi. Ine ndinaganiza kuti pa ulendo wa masiku atatu, kuthamanga kungakhale kwa mphindi zochepa, pamene kuyenda ndi kwa tsiku lonse. Ndi bwino kusankhira nsapato maola ambiriwo.

Nayonso ili ndi mlandu wake. Zambiri mwa jombozi zili ndi kansalu mkati koletsa madzi kulowa, kamene kamathandiza pa chiperoni cha mu Juni ndi Julaye kapena pa mame a m'mawa. Koma madzi akalowera pamwamba powoloka mtsinje, kansalu komweko kamawaletsa kutuluka, ndipo jomboyo ingatenge masiku awiri isanaume. Phazi lokhala m'chinyezi usana ndi usiku limayamba dzanzi, kutupa ndi kuwola, matenda amene anavutitsa kwambiri asilikali m'maenje a nkhondo yoyamba ya dziko lonse ya 1914 mpaka 1918. Kumusi ku Chikwawa, kumene kutentha kumaposa kwambiri kwa kuno kumtunda, jombo yotere imawotcha. Chifukwa chake siyenera kuyenda yokha.

Mnzake woyenda naye ndi nkhwaira ya tayala. Anthu amaipeputsa, amati ndi ya osauka, ya oweta ng'ombe ndi okankha njinga za makala. Koma funsani chifukwa chimene anthu oyenda mitunda italiitali tsiku lililonse amaikondera. Tayala linapangidwira kunyamula galimoto pa phula lotentha, ndiye munga ndi botolo losweka siziliboola wamba. Silinyowa, siliwola, ndipo lamba akaduka umalumikiza ndi msomali waung'ono kapena waya. Nkhwaira yabwino ili ndi lamba wa kuchidendene, choncho sivuka m'madzi ngati patapata. Mukafika pa Lunzu kapena pa Likhubula, vulani jombo, zimangirireni m'khosi, valani nkhwaira, wolokani, pukutani mapazi, bwererani m'jombo zouma. Madzulo pogona muvalenso nkhwaira kuti mapazi apume mphepo ndipo jombo ziume. Payokha siingakutetezeni ku kulumidwa, pakuti zala ndi pamwamba pa phazi zili poyera, ndipo malamba atsopano amadula khungu mpaka atafewa. Koma monga nsapato yachiwiri yomangirira kunja kwa chikwama, sindinapeze yoiposa, ndipo mtengo wake ndi wochepa kuposa zonse ndatchulazi.

Pali amene anganene kuti makolo athu ankayenda opanda nsapato mpaka ku migodi ya ku Joni ndiponso ku Salisbury (Harare ya lero). N'zoona kuti ambiri ankayenda wapansi, koma mapazi awo anali okhwima kuyambira ubwana, ndipo njira zawo munalibe mabotolo ndi malata. Phazi la munthu wa m'tauni ndi lanthete. Kupatula mabala, dothi lonyowa lodetsedwa ndi chimbudzi lili ndi tinyongolotsi tolowera pakhungu la phazi, ndipo m'fumbi la m'makola muli matekenya.

Tsopano za kagulidwe, pakuti ambiri a ife jombo yoteroyo tiipeza pa kaunjika, ku Limbe, ku Ndirande kapena mumsika wa Blantyre. Pitani masana, dzuwa litapendeka, chifukwa phazi limatupa pang'ono tsiku likamapita, ndipo nsapato yokwana m'mawa ingathine madzulo. Tengani sokosi zokhuthala zimene mudzavale nazo. Mukavala, pakati pa chala chachikulu ndi mphuno ya nsapato pazitsala mpata wa chala chamanthu. Mangani zingwe, yendani, imani pamalo otsetsereka muone ngati zala zikugunda kutsogolo. Kenako vulani, mugwire nsapatoyo ndi manja awiri, muipinde ndi kuipotokola. Pali mtundu wina wa soli umene umawonongeka ndi chinyezi nsapato ikakhala zaka osavalidwa. Kunja imaoneka yatsopano, koma ukaipinda imang'aluka kapena kunyenyeka ngati mkate wouma. Zinandionekera ineyo: ndinagula jombo yokongola ndithu, ndipo pa ulendo woyamba wopita kumaliro soli yonse inatsala m'njira ndisanafike n'komwe. Kanikizani ndi chikhadabo, ndipo ngati pakutsala dzenje kapena pakutuluka ufa, ibwezeni pamulu. Wogulitsa akakuuzani kuti “bwana, iyi ndi orijino,” muthokozeni koma muipindebe.

Mukagula, musapite nayo kunyumba. Pitani nayo kwa wosoka nsapato, aja amakhala pakhonde la sitolo ndi chisongole ndi ulusi wa nayiloni, akaisoke kuzungulira soli yonse ngakhale isanamatuke. Ntchito yaing'ono imeneyi imasandutsa nsapato wamba kukhala yodalirika, ndipo ingapulumutse ngakhale tenesi yotchipa ija ngati ndi yokhayo muli nayo. Zingwe zikhale zatsopano, ndipo zina zapadera zikhale m'thumba. Chikopa chipakidwe polishi kawirikawiri kuti chisaume ndi kung'aluka.

Ndipo muivale. Apa mpamene ndikufuna kulimbikira, chifukwa tili ndi chizolowezi chosunga nsapato yabwino m'katoni kudikira ukwati kapena Khirisimasi. Jombo imene simunayendepo nayo idzakutulutsani matuza tsiku loyamba, ndipo thuza likaphulika m'njira yafumbi limasanduka chilonda. Yendani nayo kupita kuntchito, kutchalitchi, kumsika, kwa masabata angapo, mpaka chikopa chitatenga maonekedwe a phazi lanu. Tenesi yakale imene phazi lanu limaidziwa ndingaisankhe kuposa jombo yodula imene yangotuluka m'sitolo dzulo.

Sokosi musazipeputse. Za thonje zimamwa thukuta n'kulisunga, pamene za ubweya kapena zokhuthala za mpira zimauma msanga. Mapeya atatu akukwana: ina kuphazi, ina youma m'jumbo ya pulasitiki, ina yochapa ikuuma pachikwama. Mukamva malo ena akutentha pakhungu, imani pomwepo mumate pulasitala thuza lisanatuluke. Zikhadabo ziwengedwe.

Zonsezi ndakhala ndikunena ngati munthu akuthawa yekha, pamene palibe wa ife angasiye banja. Liwiro la banja ndi liwiro la amene ali ndi nsapato yofooka kuposa onse. Kwa ana, nsapato ya sukulu yachikopa ya zingwe, monga zija za Bata zimene ambiri tinakulira, ndi yabwino kuposa mmene timaiganizira: ndi yotseka, soli yake ndi yolimba, ndipo mwanayo anaizolowera kale chifukwa amayenda nayo masiku 5 pa sabata. Chongofunika n'kuonetsetsa kuti sinamuchepere. Amayi ndiwo amandidetsa nkhawa kwambiri, pakuti m'nyumba zambiri bambo ali ndi nsapato yotseka, ana ali ndi za sukulu, koma mayi ali ndi patapata ya pakhomo ndi gogoda wa kutchalitchi basi, chonsecho ndi iwo adzabereke mwana. Ngati ndalama ikukwana peya imodzi yokha mwezi uno, iyambe ndi ya mayi. Agogo ndi odwala shuga afunika nsapato yofewa mkati ndi yotakasuka, ndipo mapazi awo aziyang'anidwa madzulo alionse, chifukwa wodwala shuga angachekeke osamva ululu, bala n'kukula mwakachetechete.

Kwathu tasintha malo osungira nsapato. Poyamba zinkakhala m'chikwama pamwamba pa wadiropu. Tsopano aliyense nsapato yake yotseka imagona pafupi ndi pamene iye wagona, sokosi zili mkati, zingwe zomasula, kuti ngakhale magetsi atazima aipeze ndi dzanja. M'mawa timayamba taikutumula tisanavale, kuopa zinkhanira. Mphwanga uja anakana jombo, akuti iye ndi wa tenesi basi, ndipo sindinamukakamize poti ndi wopepuka thupi ndipo amathamangadi. Tinangogwirizana kuti Loweruka tipite nayo kwa wosoka. Atamaliza kuisoka, mnyamatayo anaivala, n'kundifunsa kuti, “Amalume, nanga nkhwaira za amayi kumudzi tigula sayizi yanji?” Tinawaimbira foni mlongo wangayo tili pamsika pomwepo, ndipo tinagula sayizi 6.